Miyala Yoyera ya a Bizweki

A Bizweki sankatha kuona mwala n'kuusiya uli wakuda. Mwala uliwonse umene maso awo agwerapo, kaya ndi wa m'mbali mwa njira, kaya ndi wotsekera khola la nkhuku la eni ake, unkayenera kupakidwa laimu n'kuikidwa pamzere ndi anzake. Ena amadwala mowa, ena bawo, iwo nthenda yawo inali imeneyo. Mukanafunsa kudoko kuti kwa a Bizweki n'kuti, anthu akanayamba akanda kumutu. Koma kungoti "kwa a Laimu", ngakhale wogontha ankakulozerani ndi mlomo.

Ine ndinali neba wawo, mipanda kugundana, choncho zimene ndikunenazi sindinachite kutola pamjigo.

Kuno kwa Kuntumanji iwo anali mkamwini. Anakwatira mayi Elenala, mwana wa m'mudzi muno, n'kupita nawo kutauni akadali anyamata. Kumeneko anagwira ntchito pa yunivesite ina, dzina ndilisunga, mpaka mutu wonse unachita mbuu. Sanali mphunzitsi ayi. Anayambira ku ofesi ya zachuma, kenako anawakweza kukhala mkulu woyang'anira katundu yense wa pasukulupo: madenga, mipope, magetsi, mipando, mabasi, udzu, ndi zimbudzi zomwe. Mukawafunsa kuti kodi yunivesite n'chiyani kwenikweni, ankayamba akonza tayi.

"Amake Dalitso," ankatero kwa ine, "anthu amaganiza kuti yunivesite ndi mabuku. Bodza limenelo. Yunivesite ndi chimbudzi chogujumula. Chikafa chimenecho, ngakhale pulofesa amathawa."

Koma ntchito imene inkawafika pamtima inali yokonzekera alendo. Ukayandikira mwambo wopereka madigiri, ankatulutsa antchito awo onse ndi zidebe, kupaka miyala kuyambira pageti mpaka kuholo, mitengo nayo kuipaka mpaka m'chiuno. Ankati mlendo amaona mwala asanaone munthu.

Tsono pa tsiku lowatsanzika kuti akapume, bwana wamkulu wa pasukulupo anaimirira pa chimkuzamawu, atakhuta bwinobwino, n'kunena kuti: "A Bizweki, musaganize kuti takutayani. Mpunga ukacha kwanu ku Chilwako, tidzabwera basi yodzaza, tidzadye nanu." Anthu m'manja wawawa.

Inu ndi ine timadziwa kuti mawu otere ndi otsanzikirana chabe. Nafenso timati "tidzakupezani" kwa munthu amene ngakhale kwawo sitikukudziwa. Koma a Bizweki anakalambira pamalo pomwe bwana akati alendo akubwera, ndiye kuti akubweradi, ndipo tsoka kwa iwe akapeza udzu wautali. Choncho anatsika lole m'mudzi muno ndi mipando, mabedi, wailesi, ndi matumba a laimu. Asanamasule ngakhale mphasa, anali atayenda kale kuchokera pamphambano ya msewu wa ku Songani mpaka pakhomo pawo, manja kumbuyo, akupukusa mutu.

Vuto linali limodzi. Kuno kulibe miyala. Kwathu kuno ndi kudambo, dothi lakuda lomata. Ukafuna kugenda galu umayamba waumba dothi n'kudikira kuti liume, galuyo atapita kalekale. Ndiye a Bizweki anatsikira kudoko, atavala tayi, kukapeza che Mussa, msodzi amene anali ndi bwato lalikulu kuposa onse.

"Che Mussa, bwato lanuli limanyamula chiyani?"

"Matemba, milamba, anthu. Nthawi zina mbuzi."

"Nanga miyala?"

"Miyala ya chiyani, bwana?"

"Ya ku chilumba cha Chisi. Ndaona paphiri paja ilipo yambiri, yangokhala mopanda dongosolo."

Che Mussa anawayang'ana kumaso, anayang'ana tayi, kenako anayang'ana anzawo amene anasiya kusoka maukonde kuti amve bwino.

"Bwana, chibadwire ine sindinaonepo munthu akuolotsa mwala. Mwala ndi madzi ndi apongozi, sayang'anana."

Komabe anapita. Pobwerera bwato linali litamira mpaka m'milomo, ndipo ali pakati mphepo inayamba. Che Mussa sanafunse munthu, anangoyamba kutaya katundu m'madzi. Asodzi amene anali pafupi amati ankangomva mawu a munthu wamkulu akulira panyanja: "Osati umenewo! Umenewo ndi wa pakona!" Anafika kudoko ndi miyala yosakwana n'komwe kuzungulira chimbudzi. A Bizweki anatsika buluku ili nyowe, nsapato m'manja, tayi yokha ili youma chifukwa anaiponya paphewa.

Ndinkayesa zathera pomwepo. Ayi ndithu. Anagwirizana kuti ulendo uliwonse che Mussa azibweretsa iwiri itatu pansi pa nsomba. N'chifukwa chake miyala yoyambirira ya a Bizweki inkanunkha matemba, ndipo chaka chonsecho amphaka a m'mudzi muno ankakhalira kunyambita msewu.

Kenako anagula mbuzi ya alendo. Sanagule lero ndi lero, chifukwa bambo amenewa sankagula kanthu asanafunse kwa ogulitsa atatu, ati ndi lamulo la ntchito. Ngakhale tomato ankamuzungulira msika wonse. Mbuziyo inali yofula, ya ndevu zazitali, yoyang'ana anthu mokayikira, ndipo ana sanachedwe kuipatsa dzina loti Pulofesa. A Bizweki anakwiya tsiku loyamba, lachiwiri ndinawamva iwo omwe akuitana, "Pulofesa, choka m'maluwa!"

Mbuzi imeneyo inadya moyo umene ife sitinaulawepo. Khirisimasi inkabwera n'kupita, anzake onse akutha m'miphika, iyo ikungotafuna madeya pamthunzi. Pa chinkhoswe cha mwana wawo Gloria, ankhoswe anaiyang'ana ndi diso lanjala, koma anauzidwa kuti imeneyo ili ndi pulogalamu yake. Nawo mayi Elenala chaka chilichonse tikakolola ankasankha thumba la mpunga wa faya, wonunkhira uja, n'kuliika padera. Chaka chikatha alendo osaoneka, ankadya wakalewo n'kuikapo watsopano. Sindinawamvepo akudandaula.

Amene ankadandaula ndine. Tsiku lina ndinachokera kumunda ndi njala ya mtima bii, kulowa m'khitchini kuti ndikoleze moto, mafuwa anga kulibe. Pali phulusa lokha. Kutuluka panja, ndi awo ali pamzere m'mbali mwa msewu, oyera ngati akupita ku ubatizo.

"A Bizweki! Mafuwa anga!"

"Amake Dalitso, anali akuda zomvetsa chisoni."

"Ndi mafuwa! Mumafuna akhale otani? Nanga ine ndiphikira pa chiyani, pa tayi yanuyo?"

"Ndangobwereka. Alendo akadutsa ndibweza."

"Alendo anuwo akadutsa ine ndidzakhala nditafa ndi njala!"

Ndinawanyamula ndekha limodzilimodzi, iwo akunditsatira m'mbuyo n'kumandipempha kuti ndisawagwire ndi manja akuda. Tsiku limenelo amayi a m'mudzi muno anabwera kudzapempha moto motsatizana, ngakhale amene moto unali ukuyaka kwawo, pofuna kuona mkazi wophikira pa mafuwa opaka laimu.

Maso atayamba kuchita chidima ndi ukalamba, zinafika pena. M'mawa wina kamba anabwera kudzaothera dzuwa pakati pa miyala, mutu ndi miyendo zili m'kati. A Bizweki anafika ndi burashi, anapaka uwu, anapaka uwo, anapaka kamba, n'kupitirira. Atamaliza anakoka chingwe monga mwa masiku onse kuti aone ngati mzere wawongoka, ndipo anapeza mpata. Kukweza maso, mwala ukulowera m'munda wanga wa mbatata, pang'onopang'ono, mosatekeseka.

Anaima nthawi yaitali burashi ikudontha.

"Amake Gloria!" anaitana akazi awo. "Tabwerani kuno. Mwala wathawa ntchito."

Kuyambira pamenepo kamba ameneyo akaoneka ankamupakanso, ati ndi wa sitafu, sangamayende ndi yunifomu yakuda. Anyamata oweta ng'ombe analetsedwa kumugwira, ndipo anamveradi.

Chomwe ndisakubisireni n'choti pang'ono ndi pang'ono mudzi wonse unalowa m'chiyembekezo chimenechi. Tinkawaseka, inde, koma mpunga ukangolowa m'nyumba, fumbi likayamba, galimoto ikalira chakumtunda aliyense ankasuzumira. Munthu ukusinja, umaimitsa munsi. Ena tinkaganiza za Pulofesa, osati za alendo, poti nyama ya mbuzi sioneka kawirikawiri.

Chaka china basi inabweradi.

Inali nthawi ya masana, a Bizweki ali pakhonde. Anaona fumbi, anaimirira, anatchinga maso ndi dzanja. Kenako anakuwa mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo: "Afika! Amake Gloria, madzi pamoto! Jekete langa!" Inalidi basi ya ku yunivesite kwawo, chizindikiro chili pambali. Mudzi unagwedezeka. Amayi tinathamangira zitenje zochapa, tikukonza kukhosi kuti tilulutire. Che Mussa, amene anadzagulitsa nsomba, anali atayamba kale kunola mpeni, poti ozinga mbuzi kuno ndi iwo. Pulofesa anamangidwa pamtengo wa mango, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake analira ngati mbuzi.

Basi inaima pageti penipeni. Ndikhulupirira dalaivala anaona miyala yoyera n'kuyesa ndi ofesi ya boma. Anatsitsa galasi, kamnyamata kotafuna chingamu. M'kati munali ana a sukulu okhaokha atanyamula mabotolo, akupita kukatunga madzi a m'nyanja kuti akawayeze.

"Madala, njira ya kudoko ndi iti?"

A Bizweki anamanga batani la jekete. "Ndine Bizweki."

"Zikomo madala. Nanga kudoko?"

Nthungululu zinatithera kukhosi. A Bizweki anayang'ana m'mawindo mmodzimmodzi, kufuna nkhope yoidziwa, koma munalibe. Kenako anaika manja kumbuyo n'kuyamba kuizungulira basiyo. Anaponda tayala ili, anaponda ilo, anasuzumira pansi.

"Basi iyi ndinakaitenga ndine, mipando idakali m'mapepala. Galasi lam'mbalili lasweka liti?"

"Ndinalipeza choncho, madala."

"Wauza ndani?"

Mnyamata uja anaseka, ana a sukulu nawo anaseka, wina anawajambula pa foni. Che Mussa ndi amene analoza njira ya kudoko ndi mpeni uja. Fumbi litatsika, a Bizweki anatembenukira kwa ife, nkhope ili bwinobwino.

"Amenewa ndi otsogola. Abwera kudzaona ngati msewu uli bwino. Eni ake ali m'mbuyo. Mmasuleni Pulofesa."

Palibe anaseka pamenepo. Tinakasekera kunyumba, ndipo kuseka kwake sikunakome. M'mawa mwake ndinawamva akusungunula laimu kuseri, akuimba nyimbo ya kutchalitchi.

Zinapitirira choncho mpaka chaka cha namondwe chija, nyanja itakwera n'kumeza minda ya mpunga, msewu, ndi nyumba za kumunsi. Madzi ataphwa, miyala yonse inali itakwiririka m'matope. Anthu tinali pa kalikiliki, uyu akuumba njerwa, uyu akusaka mbewu. A Bizweki anatenga khasu n'kuyamba kufukula miyala yawo, kuitsuka umodziumodzi, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Gloria anabwera kuchokera ku Liwonde komwe amagwira ntchito, anawalanda khasu.

"Ababa, mukufuna mutifere pamsewu? Anthu amenewo sabwera!"

"Iwe unalipo pamene bwana ankalankhula?"

"Zaka zonsezi, ababa!"

"Pulogalamu imasintha tsiku, mwana wanga. Siifa."

Gloria atangokwera kabaza kubwerera, khasu linatulukanso. Anayambira kumphambano monga mwa chizolowezi, kupaka akubwera chakunyumba, lero pang'ono, mawa pang'ono. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo anafika pageti panga. Ndinawapeza atakhala pansi, chinthu chimene sankachita, burashi ili pamwendo. Anapempha madzi akumwa.

"Amake Dalitso, chidebechi mundisungire. Mawa ndimaliza. Koma musathiremo madzi, laimu wake ndasakaniza bwino."

"Ndithiremo madzi ndine wamisala? Tiyeni mukagone."

Anawatengera kuchipatala ku Zomba madzulo omwewo. Anabwerako m'bokosi. Chidebe chija ndinachiika kuseri kwa chitseko, ndinachivundikira ndi thumba, osadziwa kuti ndichita nacho chiyani.

Gloria anati anaimbira foni munthu wina wakale wa kuntchito kwa bambo ake, kungomudziwitsa. Palibe amene anaikapo mtima. Pa tsiku loika maliro, adzukulu atabwerako kale kumanda, abusa atafika, tinamva kulira kwa galimoto chakumtunda. Tinasuzumira, poti chinali chizolowezi. Inali basi, yakale, yotsokomola utsi, ikubwera pang'onopang'ono motsatira miyala yoyera. Itafika pageti panga, pomwe kuyera kunathera, inaima.

Simunatsike mabwana a masuti ayi. Munatsika nkhalamba zokhazokha, amuna ndi akazi, majekete otuwa, ena ndi ndodo. Anali mapulambala, otchetcha udzu, osesa, alonda, ophika, onse opuma pa ntchito, anthu amene a Bizweki anawakalipira moyo wawo wonse. Wotsogolera anali mkulu wina wopindika msana, dzina lake a Harry, manja ake osweka ngati pansi pa nyanja ikauma. Sanapereke moni. Anayang'ana mzere woyera kumbuyo, anayang'ana miyala yamatope kutsogolo, kenako anayang'ana ine.

"Mayi, apa ndi pomwe analekezera?"

"Eya, pomwepa."

"Chidebe chili kuti?"

Ine za chidebe ndinali ndisanauze munthu. Ndinangolowa m'nyumba n'kuchitulutsa. A Harry anaviikamo chala, anachiyang'ana, n'kugwedeza mutu.

"Anasakaniza okha uyu. Anyamata, vulani majekete. Bwana sangatilole kulowa pamsewu wosatha. Anatitukwana zaka zonse zija chifukwa cha zomwezi."

Anyamata akewo, wamng'ono anali ndi zidzukulu. Anavula, anagwada m'fumbi. Wina anatulutsa chingwe m'thumba ngati anachita kudziwa. Burashi inali imodzi, ena anathyola njedza n'kuzitafuna kunsonga kuti apakire. Amayi aja ankatsuka miyala, madzi tikuwatungira ife. Ankakangana ngati ali pantchito: "Wapinda iwe!" "Wapinda ndiwe, maso anatha kale!" Abusa anayang'ana wotchi, kenako anaibisa m'thumba. Maliro anadikira mpaka mwala womaliza unayera, pakhomo penipeni pa siwa. Pamenepo ndi pomwe anavalanso majekete, anasamba m'manja, analowa, ndipo analira kulira kumene kunatidzutsira tonse misozi yatsopano.

Titabwerako kumanda, mayi Elenala anatuluka m'nyumba atagwirizidwa ndi Gloria. Anayang'ana alendo aja atakhala pamipando ndi pamikeka.

"Mwafika," anatero. "Mpunga wanu ulipo. Che Mussa, Pulofesa uyo."

Pulofesa anali atakalamba moti sanalire n'komwe, anangoyenda yekha kupita kumtengo wa mango. Nyama yake, abale, ndisanameyi, inali ngati tayala la njinga. Tinaiphika mpaka nkhuni zinatha, koma inakana. Nkhalamba zija, zambiri zopanda mano, zinkangoyamwa n'kumayamikira msuzi. Mpunga wokha ndiwo unatha wonse, thumba lonse la faya, fungo lake mpaka kudoko.

Ine pakamwa panga sipakhala chinthu. Ndikutola mbale ndinafunsa a Harry kuti nanga bwana wamkulu uja, wolonjeza pa chimkuzamawu, walephera bwanji kubwera.

"Aja? Aja anatisiya kalekale, a Bizweki atangopuma kumene pa ntchito. Analengeza pa wailesi. Kodi kuno simunamve?"

Ndinatembenukira kwa mayi Elenala. Anali atakhala pamkeka, akuchotsa timpunga pachitenje. Sanakweze maso.

"Ndinamva," anatero motsitsa. "Iwo anali kuseri akusungunula laimu, ndinangochepetsa wailesi. Ndikanawauza, m'mawa akanadzukira chiyani?"

Basi inanyamuka dzuwa litapendeka. Inachita kukankhidwa.

Tsopano padutsa mvula ziwiri. Miyala ija yayamba kubwerera ku mtundu wake, ina yakwiririka, ina anthu aitola n'kukaphikira, ndipo palibe amene amawaletsa. Udzu wamera mpaka pageti. Mayi Elenala mpunga amalimabe, koma saikanso thumba padera. Kamba uja ndinakumana naye posachedwapa akudutsa msewu, laimu atatsala pang'ono m'mphepete mwa chigoba, ndipo ana amene ankasewera pamenepo sanamudziwe. Mudzi uli phee, mafuwa anga ali m'malo mwake, akuda bwinobwino, palibe wondivuta. Ndimawasowa bambo aja, ndipo zimandinyansa kuvomera.

Galimoto ikalira chakumtunda nthawi ya fumbi, anthu sakwezanso mutu. Ine ndekha nthawi zina ndimangozindikira ndaimitsa munsi, khosi lili panja pa mpanda. Kenako ndimakumbukira kuti alendo aja anabwera kale, anadya, anapita.